Kagetsi kofiira ka mabuleki si ukalamba wa galimoto

Pali mawu amene afala pakati pa madalaivala a mapikiapu oyenda msewu wochokera pa Chitakale kudzera pa Likhubula ndi Chambe mpaka ku Phalombe, ndipo mukawamvanso m'magalaja a pansi pa mitengo ku Limbe. Akuti galimoto ikakalamba, kagetsi kofiira ka mabuleki kamangoyaka kokha. Akuti ndi mawaya otopa basi, wanzeru amangomatapo tepi kapena kuchotsa babu kuti kasamuthobwe m'maso usiku. Ena amaphera mphongo ndi mawu akuti bola ukaponda ikuima. Ife tikukana zimenezi, ndipo tikukana chifukwa cha anthu amene amakhala kumbuyo kwa galimotozi, pamwamba pa matumba a nandolo ndi madengu a nanazi, amene dashibodi sayiona n'komwe.

Eni mawuwa ali ndi polondola pawo, sitiwamana. Pansi pa handibuleki pali kaswitchi kakang'ono kamene kamayatsa getsili handibuleki ikakokedwa. Fumbi la mwezi wa Okutobala likalowamo, kapena chingwe chikalephera kubwerera bwino, kagetsi kamatsala koyaka mabuleki ali bwinobwino. Pa ma Hilux akale, alitaneta ikasiya kutchaja, kagetsi ka mabuleki kamayaka limodzi ndi ka batire. Dalaivala amene anakumanapo ndi zotere kawiri katatu amayamba kukhulupirira kuti kagetsika n'kabodza masiku onse.

Komatu kagetsi kamodzi komweko kali ndi ntchito zingapo, ndipo sikanena kuti lero kayakira iti. Pansi pa boneti, kumbali ya dalaivala, pali kabotolo ka pulasitiki kokhala ndi mizere iwiri, MAX ndi MIN. M'kati mwake muli kanthu koyandama. Buleki fuluwidi akatsika, kanthuko kamatsika naye n'kuyatsa getsi. Fuluwidi sapsa monga amachitira oyilo mu injini yotopa, choncho akachepa ndiye kuti wapita kwinakwake, ndipo njira zake ndi ziwiri zokha. Mwina mapadi a kutsogolo atha, ndiye mapisitoni atuluka kwambiri n'kutenga fuluwidi wambiri. Posachedwa chitsulo chiyamba kudya chitsulo chinzake. Kapena pena pake pakudontha. Pa pikiapu yakale malo odontha amadziwika: timarabala ta masilinda a m'madiramu a kumbuyo, mapaipi achitsulo amene adyedwa ndi dzimbiri, ndi mapaipi a rabala ong'aluka pafupi ndi matayala. Gwadani muyang'ane kuseri kwa tayala la kumbuyo. Mukaona mzere wonyowa wakuda wotsika kuchokera pa diramu, fumbi litamatirira pamenepo, nkhani si ya mawaya ayi. Nthawi zina pansi pamakhala pouma chifukwa masitala silinda ikudonthera m'kati mwa busita yothandiza mwendo poponda mabuleki, pamene diso silifika.

Kagetsi kamene kamaphethira galimoto ikagunda bampu kapena ikakhota, n'kuzimanso pa msewu wosalala, ndi kamene anthu amakanamizira kwambiri mawaya. Kawirikawiri kamakhala kakunena kuti fuluwidi wafika pa MIN ndipo akukhavukira uku ndi uku m'botolo.

Nanga zija za alitaneta? Apa ndi pamene amakaniko ambiri amaimira pakati pa njira. Injini ya dizilo ilibe mphamvu yoyamwa mpweya imene ya petulo ili nayo, choncho busita ya mabuleki imadalira kapampu kapadera. Pa mapikiapu ambiri akale a dizilo, a Toyota ndi a Isuzu omwe, kapampuko kamangidwa kumbuyo kwa alitaneta. Fanibeluti ikaduka kapena ikamaterereka, batire imasiya kutchajidwa, kapampu nakonso kamasiya ntchito. Mukaponda kawiri katatu mphamvu yotsala imatha, pedulo imauma gwa, ndipo muyenera kuimirirapo ndi thupi lonse kuti galimoto imve. Tsono munthu akamati osadandaula, ndi alitaneta chabe, mwina akunena za chinthu chomwecho chimene chikuthandiza mwendo wanu kuimitsa katundu yense uja.

Mawu akuti bola ikuima ndi amene amatiopsa koposa. Pafupifupi pikiapu iliyonse imene ili pa msewu lero ili ndi njira ziwiri za fuluwidi, ina ya matayala a kutsogolo, ina ya kumbuyo, kuti imodzi ikafa inzake itsale. Ya kumbuyo ikatha fuluwidi, galimoto yopanda katundu pa thyathyathya pa Chitakale imaimabe, dalaivala n'kumati mwaona. Ikadzaza anthu ndi matumba, ikutsika mtsetse wochoka ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, kapena m'makhotakhota a ku Thyolo popita ku Limbe, ntchito yonse imagwera matayala awiri a kutsogolo. Mapadi amatentha, kutenthako kumafika ku fuluwidi, ndipo apa nyengo ya kwathu kuno imalowererapo. Fuluwidi wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. Wa DOT 3 watsopano amayenera kupirira mpaka madigiri 205 asanawire, koma akamwa madzi malire ake amatsika kufika pa 140. M'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene mvula imagwa yambiri ndipo chiperoni chimanyowetsa chilichonse mu Juni ndi Julaye, fuluwidi amene wakhala zaka zisanu osasinthidwa ndi wodzaza madzi. Akawira, m'mapaipi mumalowa nthunzi, ndipo pedulo imangopita pansi osagwira kanthu. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati asinthidwe pakatha zaka ziwiri.

Amati chakudza sichiyimba ng'oma. Ichi chokha chimayimba, ndipo anthu akulangizana zoboola ng'omayo.

Kudziwa ngati kagetsi kakunama sikutenga nthawi yoposa imene kondakitala amatenga pomanga katundu. Tsitsani handibuleki mpaka pansi, muigwedeze pang'ono, muone ngati kazima. Tsekulani boneti muone mzere wa fuluwidi. Yang'anani fanibeluti. Injini ili chizimire, popani pedulo kangapo mpaka iume, igwireni choncho, kenaka lizani injini: pedulo iyenera kutsika pang'ono, kusonyeza kuti busita ikugwira. Pitirizani kuponda kwa theka la mphindi. Ikamamira pang'onopang'ono, marabala a masitala silinda atha kapena pena pakudontha, ndipo galimotoyo isanyamule munthu. Ikakhala yofewa, yofuna kupopa kaye, m'mapaipi muli mpweya. Zonsezi zikakhala bwino, pamenepo ndiye muli ndi ufulu wonena za mawaya, ndipo kawaya kothetheka pa kabotolo kapena pa handibuleki makaniko aliyense amakalumikiza. Kagetsi kachikasu kolembedwa ABS, pa galimoto zimene zili nako, ndi nkhani ina, kasasokonezedwe ndi kofiiraka.

Kungothira fuluwidi wina n'kumapita ndi mbale wake wa kumata tepi. Getsi lizima, kudontha kupitirira. Choipa kuposa apo ndi kuthira oyilo wa injini kapena wa sitiyaringi pamene fuluwidi wasowa: mafuta amenewo amatupitsa marabala onse, ndipo vuto la tayala limodzi limasanduka la galimoto yonse. Kuphwanya paipi ya tayala lodontha ndi pulayala kuti mufike kaye nakonso kumachitika m'misewu yathu, ndipo galimoto yotere imakokera mbali imodzi pa nthawi yomwe mukuifuna kuti iime mowongoka.

Tikudziwa chimene chimalimbikitsa mawu onyozera kagetsi aja. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya akwera kosaneneka, ndipo tsiku limene pikiapu yagona ku galaja ndi tsiku la njala kunyumba kwa dalaivala ndi kondakitala. Sitikupeputsa zimenezo. Koma timarabala ta silinda ndi botolo la fuluwidi zili m'gulu la zinthu zotchipa pa galimoto, pamene diramu yodyeka ndi disiki yokumbika zimadya ndalama za maulendo ambiri. Chiphaso cha COF chimene a Road Traffic amapereka chimanena za tsiku limene galimoto inayezedwa, sichinena za m'mawa uno.

Mawu athu omaliza apite kwa inu eni galimoto, chifukwa dalaivala wolembedwa ntchito nthawi zambiri amabisa getsi poopa kuti akakuuzani mumudula malipiro kapena mupatsa wina makiyi. Musamulange munthu chifukwa chokuuzani zoona. Mawa m'mawa khalani pa mpando wake, mupotoze kiyi mpaka pa ON osaliza injini, handibuleki ili yokokedwa. Kagetsi kofiira kayenera kuyaka. Kakapanda kuyaka, mwina babu inapsa kapena wina anaichotsa, ndipo mufunse kuti inachotsedwa liti komanso ikubisa chiyani. Chitani chimodzimodzi pa pikiapu iliyonse imene wina akukugulitsani.