Chenjezo: Chotsamira Mutu Chimene Chimafwamphuka Chokha

Ngati pakhomo panu pali Dodge Grand Caravan, Chrysler Town & Country kapena Chrysler Grand Voyager yopangidwa kuyambira cha mu 2010, musadikire tsiku la sevisi. Pitani lero lomwe mukayang'ane zotsamira mutu za mipando iwiri ya kutsogolo. M'kati mwa zotsamirazo muli masipuling'i opanikizidwa, ndipo chimene chawagwira kuti asafwamphuke ndi kapulasitiki kakang'ono kamene kamang'aluka pakapita zaka. Kakangothyoka, theka la kutsogolo la chotsamiracho limalumpha n'kumenya munthu kunkhongo, popanda ngozi, popanda galimoto ina yogunda kumbuyo. Zawachitikira anthu ambirimbiri ku America. Ena zinawapeza ali pa liwiro pamsewu waukulu, ena ataima pa maloboti, ndipo ena anangodzuka m'mawa n'kupeza chotsamira chitayasama, galimoto itagona pabwalo usiku wonse.

Tisanachinene zoipa chipangizochi, timvetse chifukwa chimene anachiikira. Galimoto ikagundidwa kumbuyo, mpando umakankhira thupi kutsogolo mwadzidzidzi koma mutu umatsalira, kenako n'kukokedwa mwamphamvu. Khosi ndilo limavutika pakatipa. Minofu ndi mitsempha yake imavulala, ndipo pali anthu amene ululu wake umawakhalira miyezi kapena zaka, ngakhale ngoziyo inali yaing'ono moti galimoto inangophwanyika bampala. N'chifukwa chake dziko la America linalamula kuti magalimoto atsopano azikhala ndi zotsamira mutu kuyambira mu 1969. Koma chotsamira chimathandiza pokhapokha chili pafupi ndi mutu. Saab ya ku Sweden inabwera ndi nzeru mu 1997 pa galimoto yake ya 9-5: msana wa munthu ukakanikiza mpando pangozi, chitsulo cha m'kati chimakankhira chotsamira m'mwamba ndi kutsogolo kuti chikumane ndi mutu. Njira imeneyi siifuna magetsi, ndipo ngozi ikatha chotsamira chimabwerera chokha pamalo pake.

Malamulo atsopano a ku America, amene anayamba kugwira ntchito pa mipando ya kutsogolo mu 2009, anachepetsa mpata wololedwa pakati pa mutu ndi chotsamira. Chrysler inasankha njira yosiyana ndi ya Saab. Zotsamira zake, zopangidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa Grammer, zili ndi zigawo ziwiri: cha kutsogolo chofewa chimene mutu umagunda, ndi cha kumbuyo cha pulasitiki yolimba. Pakati pake pali masipuling'i amene anapanikizidwa kale ku fakitale. Kachitsulo kakang'ono kolowetsedwa m'pulasitiki kamakodwa ndi tingowe, ndipo kompyuta imene imalamulira ma airbag ikazindikira kuti galimoto yagundidwa kumbuyo, imatumiza magetsi, tingowe timamasuka, theka la kutsogolo n'kulumpha kukatchinga mutu. Kunena mwachidule, ndi msampha wotchera kale, umene umakhala chitcherere usana ndi usiku kwa zaka zonse zimene galimotoyo ili pamsewu.

Vuto lagona pomwepo. Mphamvu ya masipuling'i siipuma, ndipo yonse imathera pa pulasitiki imene yagwira kachitsulo kaja. Zikalata za milandu ya ku America zinafotokoza kuti pulasitikiyo imayamba timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo zinatchulanso mafuta otsalira pa kachitsuloko kuti ndi amene amaifooketsa msanga. Timing'aluto timakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina pulasitiki igonja. Kompyuta sinalamule chilichonse, tingowe tikadali chigwirire kachitsulo, koma chimene kachitsuloko kanali kukhazikikapo chathyoka. N'chifukwa chake palibe nyali ya padashibodi imene ingakuchenjezeni. Makaniki akhoza kulumikiza makina ake ounikira galimoto n'kukuuzani kuti zonse zili bwino, ndipo sakunama, poti mawaya ndi magetsi zilidi bwino. Chimene chikuwonongeka ndi chinthu chimene makinawo sachiona.

Si magalimoto a banja okhawa amene ali ndi zotsamira zamtunduwu. Zilinso mu Dodge Journey, Dodge Durango, Dodge Caliber, Dodge Avenger, Chrysler 200, Jeep Grand Cherokee, Jeep Compass ndi Jeep Patriot za zaka zomwezo. Komabe minivan ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa cha amene imanyamula. Imeneyi ndi galimoto yotengera ana kusukulu, yopitira kutchalitchi banja lonse, yonyamulira anthu asanu ndi awiri paulendo wautali. Grand Caravan inapangidwa ku Windsor m'chigawo cha Ontario ku Canada mpaka mu 2020, ndipo inatchuka chifukwa cha kutsika mtengo. Lero zambiri zili m'manja mwa mwini wachiwiri kapena wachitatu, amene buku la malangizo a galimotoyo sanalionepo.

Kampani ya FCA, imene inali mwini wa Chrysler, Dodge ndi Jeep isanaphatikizane ndi PSA ya ku France mu 2021 n'kukhala Stellantis, yakhala ikunena kuti mphamvu ya chotsamiracho si yoti n'kuvulaza munthu kwambiri. Eni magalimoto ena anatsutsa, nadandaula za mutu kuwawa, chizungulire ndi ululu wa m'khosi atamenyedwa. Milandu ya magulu a anthu inatsegulidwa ku California mu 2018, kenako ku Florida ndi ku Massachusetts. Bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, linayamba kafukufuku mu 2019 pa Jeep Grand Cherokee ndi Dodge Durango za 2014. Kampani siinaitanitse magalimotowa kuti onse akakonzedwe. M'malo mwake inatalikitsa waranti ya zotsamira pa ena mwa iwo mpaka zaka 10.

Ine ndikuona kuti mkangano wa kukula kwa nkhonyayo ukuphonya nkhani yeniyeni. Tiyerekeze kuti kampani ikunena zoona, kuti chotsamira sichingaswe mutu wa munthu. Nanga woyendetsa amene wamenyedwa kunkhongo mosayembekezera, pamodzi ndi phokoso lalikulu pafupi ndi khutu, achita chiyani m'kamphindi kotsatira? Ambiri adzatembenuka kuti aone chimene chawamenya. Ena adzaponda mabuleki mwadzidzidzi poganiza kuti agundidwa, ena adzagwedeza chiwongolero. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi. Masekondi awiri a munthu wodzidzimuka ndi mtunda wokwanira kulowa mbali ya magalimoto obwera kutsogolo, kapena kukwera m'mbali mwa msewu mmene mukuyenda anthu ndi njinga. Palinso chachiwiri chimene sichikambidwa mokwanira: chotsamira chothyoka chatha ntchito. Tsiku limene galimotoyo idzagundidwedi kumbuyo, chitetezo chimene mwini wake analipira pogula sichidzagwira monga anachikonzera.

Ndipo waranti ya zaka 10 imathandiza ndani? Imathandiza amene ali pafupi ndi dila wa kampaniyo, amene kalata inamupeza pa keyala yake, amene galimoto yake siinapitirire zakazo. Galimoto ya 2012 inadutsa kale malire amenewo, chonsecho pulasitiki imafooka kwambiri ikamakalamba. Ndiye kuti nthawi imene vuto likuyandikira ndi yomweyo imene thandizo likutha. Abale athu okhala ku America ndi ku Canada amene anagula Grand Caravan yakale chifukwa ndiyo imakwana banja pa ndalama zochepa, chenjezo ili ndi lanu poyamba. Koma silikuthera kumeneko. Grand Voyager, Journey, Caliber ndi ma Jeep aja anagulitsidwanso ku Britain ndi ku South Africa ali ndi chiwongolero cha kumanja, ndipo kuchokera kumeneko ena amafika ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Harare ngati magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito. Galimoto ikawoloka malire kawiri katatu, palibe kalata ya kampani imene ingaitsatire.

Kuzindikira ngati muli nacho n'kosavuta. Yang'anani chotsamira cham'mbali. Ngati chili ndi zigawo ziwiri zooneka bwino, kutsogolo nsalu kapena chikopa, kumbuyo chikamba cha pulasitiki, ndi mzere wozilekanitsa, ndiye chamtunduwu. Onani ngati mpata wa pakati pa zigawozo ndi wofanana mbali zonse, ngati theka lina silinapendekeke, ndiponso ngati pampando kapena pansi palibe tizidutswa ta pulasitiki. Yerekezani cha woyendetsa ndi cha mnzake. Musachimenye, musachikanule ndi sikuludiraiva, ndipo musaike nkhope pafupi ndi kutsogolo kwake poyang'ana. Mukaona chachilendo, pitani nayo kugaraja msanga. Mukapanda kuona kanthu, musatenge zimenezo ngati chitsimikizo, chifukwa ming'alu yoyamba imakhala m'kati.

Buku la malangizo la Chrysler lenilenilo lili ndi machenjezo amene ambiri timawaphwanya tsiku ndi tsiku osadziwa. Limaletsa kuika zinthu pamwamba pa chotsamirachi: jekete, zovundikira mipando, ngakhale timakina toonetsera ana mafilimu timene timamangirira kumbuyo kwake. Limanenanso kuti chikhoza kufwamphuka chikamenyedwa ndi dzanja, phazi kapena katundu wosamangidwa. Taganizirani mmene timapakirira galimoto popita kumudzi, matumba ndi zikwama mpaka kudenga, ana akusewera kumbuyo n'kumaponda mpando wa bambo awo. Taganiziraninso zovundikira mipando zimene timagula tsiku lomwelo logula galimoto kuti mipando isade. Pa galimoto izi, chovundikira chisafike pa chotsamira, ndipo katundu amangidwe kuti asathamangire kutsogolo mukaponda mabuleki.

Chikafwamphuka muli paulendo, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, maso akhale kutsogolo, chepetsani liwiro pang'onopang'ono, yatsani mahazadi ndipo muime pamalo abwino. Zoona chimene chachitika muzichita mutaima. Ngati mutu ukuwawa kwambiri, mukumva chizungulire, mseru, kapena dzanzi m'manja, wina ayendetse ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa.

Chotsamira chimene chafwamphuka pangozi yeniyeni, pulasitiki ili yonse, chimatheka kubwezeretsedwa ndi manja, ndipo bukulo limafotokoza kachitidwe kake: munthu amakhala kumpando wa kumbuyo, n'kukokera theka lija pansi ndi kumbuyo mpaka litakodwanso. Koma ngati mwakoka koma chikukana kugwira, kapena mukuona kachitsulo katatsalira m'tingowe tokha, pulasitiki yathyoka ndipo palibe kubwezeretsa. Apa ndi pamene ndikupempha amakaniki athu kuti adziletse. Luso lokonza chinthu chimene ena akanataya ndi limene limayendetsa magalimoto ambiri m'misewu yathu, ndipo ndimalilemekeza. Koma pano lisagwire ntchito. Kuchimanga ndi waya kapena mphira, kuchimata ndi guluu, kapena kuboola n'kulowetsa sikuluu, kumangobisa vuto. Masipuling'i akadali opanikizidwa, guluu adzagonja tsiku lina, ndipo sikuluu yoikidwa kumbuyo kwa mutu wa munthu ndi chinthu choopsa pangozi. Kuchizula n'kumayenda popanda chotsamira n'koipa koposa zonse: khosi limatsala lopanda chotchinga, ndipo popeza chotsamirachi n'cholumikizidwa ku kompyuta ya ma airbag, nyali yochenjeza imayaka n'kukhala chiyakire, moti vuto lina la airbag likadzabwera simudzalizindikira.

Mankhwala ake ndi kusintha chotsamira chonse. Pogula, dziwani kuti chochotsedwa m'galimoto ina yakufa ya chaka chomwecho chili ndi pulasitiki ya msinkhu womwewo, yopanikizidwa kwa zaka zomwezo. Ngati mungathe, itanitsani chatsopano pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi ya galimoto yanu. Nambala imeneyi ili ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo imaoneka pansi pa galasi la kutsogolo kapena pamphuthu ya chitseko. Ndi nambala yomweyo mungafunse dila wa Stellantis ngati galimoto yanu ili m'gulu la waranti yotalikitsidwa, ndipo ngati inagulitsidwa koyamba ku America, mungaione pa intaneti pa tsamba la NHTSA ngati ili ndi vuto lina limene kampani inaitanitsira magalimoto. Zimenezi n'zofunika chifukwa mu 2013 Chrysler inaitanitsa magalimoto ena, monga Chrysler 200, Dodge Avenger ndi Jeep Liberty, pa vuto losiyana ndi ili: zotsamira zawo zikanatha kulephera kufwamphuka pangozi.

Amene muli ndi Toyota Noah, Voxy, Sienta kapena Nissan Serena musachite mantha ndi nkhani ya pulasitikiyi, chifukwa ikukhudza zotsamira za zigawo ziwiri zimene ndafotokozazi. Chimene chikukukhudzani nonse ndi kakhazikitsidwe. Pamwamba pa chotsamira pazifanana ndi pamwamba pa mutu wanu, ndipo chikhale pafupi ndi nkhongo mmene zingathekere. Kuyendetsa mpando utagonekedwa chagada kumachotsa phindu lake lonse.

Kwa amene amaitanitsa ndi kugulitsa magalimoto, udindo wanu ndi woonekeratu. Ngati mukugulitsa Chrysler, Dodge kapena Jeep ya zaka zimenezi, muuzeni wogula za zotsamirazi asanapereke ndalama, ndipo ngati china chinamatidwa kapena kumangidwa, musinthe musanaigulitse. Kwa eni ake amene muli ku America, chotsamira chikafwamphuka chokha, jambulani zithunzi, sungani zidutswa zake ndi malisiti, ndipo kadandauleni ku NHTSA, chifukwa madandaulo a eni magalimoto ndi amene anayambitsa kafukufuku wa 2019. Ndipo inu amene mukudziwa m'bale, mnzanu wa kuntchito kapena dalaivala wonyamula ana a sukulu pa imodzi mwa galimoto zimenezi, muimbireni foni lero mumuuze kuti akayang'ane zotsamira zake asanayambe ulendo wina.