Mwana wandikumbutsa za mpamba

Anthuni, sabata ino ndale ndaziika pambali kaye. Nkhani ndili nayoyi ndi ya m'nyumba mwanga momwe, koma ndikhulupirira kuti ikukhudzani nonse amene mumakhalira benchi pamsika.

Mwana wa mchemwali wanga ali chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira zowerengera ndalama. Fizi yake imachokera pa benchi langa la nsomba zouma, poti bambo ake anatisiya kalekale ndipo malume ndine. Atabwera ku holide anandiuza kuti pambali pa phunziro lake lalikulu watenganso lina laling'ono, lomwe kusukuluko amalitcha minor. Dzina lake ati sustainability. Nditafunsa ngati chimenecho chimadyedwa, iye anati ndi za mitengo, madzi, nthaka ndi zinyalala.

Mtima unandiwawa. Ndinati, "Iwe, ine ndikupsa ndi dzuwa kuno kuti ukaphunzire kusesa? Zinyalala si ntchito ya akhonsolo?" Ndinafika pomuopseza kuti akapanda kuzisiya, teremu ya mawa adzionere yekha.

Mwanayo sanakwiye. Anangondifunsa kuti, "Amalume, kodi inu mpamba mumadya?"

Apatu ndinakhala chete. Tonse pamsika pano tikudziwa lamulo loyamba la geni: idya phindu, mpamba usaukhudze. Tawaona anzathu amene anamwera mpamba mwezi umodzi, lero akunyamula katundu wa eni kudepoti. Ndiye mwanayo akuti phunziro lonselo mutu wake ndi womwewo. Nyanja, nkhalango ndi nthaka ndi mpamba wa dziko. Nsomba, nkhuni ndi chimanga ndiye phindu. Anandiuzanso kuti ganizoli linatchuka mu 1987, pamene komiti ya United Nations yotsogozedwa ndi mayi Gro Harlem Brundtland a ku Norway inati chitukuko chenicheni ndi chimene chimadyetsa anthu a lero popanda kulanda chakudya cha zidzukulu. Ine ndinati zimenezo agogo anga ankazidziwa osapita ku Norway. Mbewu ankaipachika padenga la khitchini, njala ivute bwanji sankaikazinga.

Chimene chinandikopa ndi m'mene amaphunzirira. Sakhala m'kalasi imodzi. Lero ali kwa aphunzitsi a sayansi ya madzi ndi nthaka, mawa kwa a zachuma, mkuja kwa a malamulo, kenako kwa ophunzitsa za chikhalidwe cha anthu. Ndinafunsa kuti kuyendayenda konseko ngati woyenda ndi kaunjika n'kwa chiyani. Anandiyankha ndi thumba la makala.

Tamverani. Munthu wosauka kumudzi adula mitengo n'kuotcha makala kuti agule ufa. Phiri likhala mbee. Mvula ikabwera dothi lonse likokolokera mu Shire, matope n'kudzaza pamene amapangira magetsi ku Nkula. Magetsi azima. Ife a m'tauni tithamangira makala, mtengo ukwera, ndipo uja kumudzi anola nkhwangwa kachiwiri. Tsono mundiuze, vuto limeneli ndi la ndani? Wa zankhalango yekha adzangolanda matumba pa rodibuloko. Injiniya yekha adzangochotsa matope, chaka chamawa abweranso. Pafunika wina woti aone chingwe chonsecho. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo izi si nthano za m'buku. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi. Funsani ometa tsitsi, owotcherera ndi ogulitsa mafirizesi m'mene anaonera. Mu Malichi 2023 Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, anthu n'kukwiririka ku Chilobwe ali m'nyumba zawo. Ife a nsomba sitiiwala 1995 pamene nyanja ya Chilwa inauma, matemba n'kusowa, ndipo mu 2018 inaphwanso kwambiri. Nyanja ikaphwa, benchi langa limaphwa, fizi ya mwanayo nayo imaphwa.

Koma musaganize kuti ndangogonja ngati nkhuku yonyowa. Ndinamuuza kuti anthu ophunzira ena amatitopetsa. Amabwera pamsika atavala malaya olembedwa mawu, kutiuza kuti tisiye izi ndi izo, n'kukwera galimoto kubwerera ku hotela. Taonani nkhani ya majumbo opyapyala. Boma linawaletsa mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, khoti lalikulu la apilo n'kugamula mu 2019 kuti chiletsocho chilipo ndithu. Zoona, majumbowa amatseka ngalande, madzi n'kulowa m'mashopu mwathu. Koma ndani anakhala pansi ndi mayi wogulitsa tomato wa mulu umodzi kumufunsa kuti kasitomala wake anyamulira muti? Lamulo lopanda njira ina limangolemeretsa ozembetsa.

Ndinamuuzanso kuti nzeru zimenezi sizili ku yunivesite kokha. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambirimbiri kuti nsomba ziswane, ndipo utaka umapezekabe. Amenewo digiri anaitenga kuti?

Mapeto ake tinagwirizana chonchi. Fizi ndilipira, ndipo phunziro lake lalikulu aligwiritsitse, poti ndilo lidzamupezere ntchito. Laling'onolo apitirize, koma holide iliyonse azikhala nane pa benchi sabata ziwiri. Aziona kumene nsomba zichokera, chifukwa chake chambo chakula mtengo n'kuchepa thupi, ndi kumene zinyalala za msika wathu zimathera. Tsiku lina akadzakhala mu ofesi yolemba malamulo, adzakumbukire fungo la usipa.

Dzulo wayamba. Pofika masana anali atawerengera kale nsomba zimene ndimataya chifukwa chonyowa ndi mvula, n'kundionetsa kuti pepala la pulasitiki lolimba lofolera pamwamba lingabweze ndalama yake mwezi usanathe. Inenso mpamba ndimaudya osadziwa, abale.

Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola.