Za Pakhomo: Matabwa Apansi Akakalamba

M'nyumba zina zakale za mishoni, za aphunzitsi ndi za boma mukadali pansi pa matabwa a mlombwa kapena mbawa. Matabwawo akada ndi kudzala zipsera, ambiri timafulumira kuwazula kuti tithirepo simenti. Komatu mitengo yotereyi imatenga zaka makumi angapo kuti ikule, ndipo lero ikusowa m'nkhalango zathu. Pala matabwa ako, amatero ena. Koma thabwa silipalidwa kosatha, pakuti likapyapyala mitu ya misomali imatulukira poyera. Apa ndi pamene utoto umatithandiza.

Nzeruyi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, mabanja a ku New England, ku America, amene sankatha kugula makapeti, ankakongoletsa pansi pa nyumba zawo ndi utoto, najambulapo masamba ndi maluwa. Nawonso amayi athu akamazira nyumba amadziwa kusiyanitsa dothi lakuda ndi lofiira kuti m'mphepete muoneke bwino.

Koma tichenjere. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto umabisa zipsera, suchiza kuola. Thabwa lodyedwa ndi chiswe kapena lofumbwa lichotsedwe, ndipo tiyambe tapeza kumene chinyezi chikulowera. Tikatero tikhomere pansi misomali yotukuka, ndi kutseka ming'alu yaing'ono ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Polishi yense wakale achoke ndi tapentaini, chifukwa utoto sugwira pa phula. Kenaka tikwecheko ndi sandipepala motsata mitsempha ya thabwa.

Ngati pansipo panapakidwa kale penti wamakedzana, tisamukweche wouma, pakuti akhoza kukhala ndi mtovu, umene fumbi lake limaononga ubongo wa ana. Nchifukwa chake dziko la America linaletsa penti wotere m'nyumba mu 1978. Tinyowetse pamalopo, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali, mazenera ali chitsegukire.

Tsono tipake utoto woyamba wogwiritsa, pamwamba pake utoto wa pansi kawiri, mopyapyala, kuyambira kungodya yakutali kubwerera kukhomo. Wofuna mabokosi amitundu iwiri, onga a pa thabwa losewerera drafuti, ayeze ndi chingwe chopaka choko kuchokera pakati pa chipinda. Akawapendeketsa, kukhota kwa makoma sikuonekera. Wofuna maluwa m'mphepete aboole chithunzi chake pa katoni yolimba, nadinde utoto pang'ono pazibowozo. Pamene chipsera chili pamalo amodzi, tijambule pomwepo pokha ngati kamkeka, kwinako mlombwa uoneke m'maonekedwe ake. Potsiriza tikute zonse ndi vanishi.

Chotsala ndi kudikira masiku angapo tisanabwezeremo mipando. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikatero, matabwa amene makolo anacheka ndi thukuta adzapondedwanso ndi adzukulu athu.