Makompyuta osunga chuma cha Boma amangidwe molimba

Masiku ano chuma cha Boma sichilembedwanso m'mabuku akuluakulu a zikuto zolimba monga kale. Malipiro a aphunzitsi, ndalama zogulira mankhwala ndi ngongole za maunduna, zonsezi zimayenda m'makompyuta. Motero kamangidwe ndi katetezedwe ka mapulogalamu a makinawa si nkhani ya akatswiri okha ayi. Ikukhudza kalaliki wa ku boma, mlembi wamkulu wa unduna, ndiponso mtsogoleri aliyense amene anthu akumudzi amamufunsa kumene misonkho yawo imapita.

Dziko lino linaphunzira zimenezi mowawa m'chaka cha 2013, pamene kunaululika kuba kumene kunatchedwa Cashgate. Ndalama za Boma zinkalipidwa kudzera m'pulogalamu ya IFMIS, imene inayamba kugwira ntchito mu 2005. Anthu ena a m'kati momwemo ankalowetsa malipiro a makampani amene sanagulitse kanthu kapena kugwira ntchito iliyonse. Cheke chikatuluka ndi kukatapidwa ku banki, iwo ankabwerera m'kompyuta muja ndi kufafaniza zonse, ngati munthu wosesa mapazi ake pochoka pa nkhokwe ya mwini. Akatswiri ofufuza za chuma a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain ananena mu 2014 kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo amene anavutika ndi munthu wamba amene sanaonepo ngakhale tambala imodzi ya ndalamazo.

Nkoona kuti kompyuta siinabe, anaba ndi anthu. Koma nkoonanso kuti makinawo anawalola. Pulogalamu imene imalola munthu kufafaniza malipiro amene achitika kale ndi yomangidwa mopereweza. Ofesi imene anthu amabwerekana mawu achinsinsi olowera m'kompyuta yataya mboni yake, pakuti tsiku la mlandu sikudziwika amene anagwira chiyani. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mbala yovuta koposa ndi imene ili kale m'nyumba, makiyi ali m'manja.

Palinso ngozi ina, yosiyana ndi imeneyi, imene inaoneka ku Britain. Mu 1999 bungwe la Post Office linaika m'mapositi ofesi pulogalamu ya Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Pulogalamuyo inali ndi zolakwika zimene zinkaonetsa ngati ndalama zasowa pamene sizinasowe. Akuluakulu anakhulupirira makina koposa anthu awo, ndipo pakati pa 1999 ndi 2015 oyang'anira mapositi ofesi oposa 900 anaimbidwa milandu ya kuba ndi chinyengo. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba zawo kuti abweze ndalama zimene sanatenge. Khoti lalikulu la ku London linatsimikiza mu 2019 kuti pulogalamuyo inali ndi zolakwika, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lofafaniza milanduyo. Koma madzi akatayika saoleka.

Nkhani ziwirizi zikuphunzitsa chinthu chimodzi: zimene kompyuta yalemba ziyenera kukhala zosatheka kusinthidwa mobisa, ndiponso zotheka kuyesedwa ndi mboni ina. Tsono amene amagula kapena kupanga mapulogalamu a Boma ayenera kuumirira kuti wogwira ntchito aliyense akhale ndi khomo lakelake lolowera, ndipo apatsidwe mphamvu zokwanira ntchito yake yokha. Wolowetsa malipiro asakhale yemweyo wovomereza. Cholakwika chikapezeka chikonzedwe polemba mzere wina pansi pake, osati pofafaniza, monga momwe akalaliki akale ankachitira m'mabuku awo. Kaundula wosonyeza amene analowa, nthawi imene analowa ndi chimene anasintha asungidwe kwina, kumene dzanja la wosinthayo silingafike. Ndipo tsiku ndi tsiku zimene kompyuta ikunena ziyerekezedwe ndi zimene zatulukadi ku akaunti ya Boma ku Reserve Bank, pakuti cheke chofafanizidwa m'kompyuta chimaonekabe ku banki.

Nkofunikanso kuti pulogalamu iyesedwe ndi akatswiri apadera isanayambe ntchito, ndi kuti wogwira ntchito amene wadandaula kuti manambala sakugwirizana amvedwe, asayambe waopsezedwa. Posainirana mapangano ndi makampani akunja, Boma lionetsetse kuti ana a dziko lino aphunzitsidwa kuyendetsa ndi kukonza makinawo, kuti nkhokwe ikhale yathu pamodzi ndi makiyi ake.

Zonsezi zimafuna ndalama ndi kudekha, ndipo ena adzati zikuchedwetsa ntchito. Amenewa akumbutsidwe mtengo umene dziko linalipira mu 2013. Mlembi wamkulu aliyense afunse lero m'unduna wake kuti ndani ali ndi mphamvu yofafaniza malipiro, ndipo wogwira ntchito aliyense amene anabwereketsa mawu ake achinsinsi awasinthe asanaweruke.