Lekani kunamizira mvula, mtsinje wa uMngeni unayamba kuwola kalekale

Khrisimasi ikamayandikira, akuluakulu a mzinda wa Durban, ku South Africa, amayamba nyimbo yawo yomwe ija, yoti magombe ali bwino, alendo abwere adzasambe. Munthu akawaonetsa zotsatira za madzi oyezedwa pa Blue Lagoon, pamene mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja yamchere, yankho limakhala lokonzeratu: zonsezi ndi chifukwa cha madzi osefukira a mu Epulo 2022. Yankho limeneli landikwana. Ndi chinyengo, ndipo amene amalipereka akudziwa kuti ndi chinyengo.

Palibe akukana kuti mvula ija inali yoopsa. Pa 11 ndi 12 Epulo madera ena analandira mvula yoposa mamilimita 300 m'maola 24 okha, anthu oposa 400 anamwalira, milatho inaduka, mapaipi a suweji anakokoloka, malo opopera ndi oyeretsera madzi a m'zimbudzi anamira m'matope. Amalawi ambiri amene amakhala mumzindawu anataya katundu, ena anagona m'maholo milungu ndi milungu. Tsoka limenelo ndi lenileni. Chimene chimandiwawa n'choti maliro a anthu amenewa asanduka chobisalira cha anthu amene analephera ntchito yawo zaka zambiri mvulayo isanagwe.

Kodi mu Disembala 2007, pamene nsomba zosawerengeka zinayandama zitafa mkati mwa doko la Durban chifukwa madzi anatha mpweya, kunali mvula ya 2022? Mu 2008, pamene magombe a mzindawu anataya chizindikiro cha magombe aukhondo cha Blue Flag chifukwa cha uve wa m'madzi, kunali mvula ya 2022? Nanga kumayambiriro kwa 2022 komweko, miyezi itatu chigumula chisanachitike, pamene magombe angapo anatsekedwa chifukwa madzi akuda ochokera mu uMngeni anabweretsa tizilombo ta E. coli, mvula imeneyo inali kuti? Mvula inapeza mapampu atatopa kale, mapaipi akudontha kale, ndalama zokonzera zitapita kwina kale. Inangogwetsa chimene chinali chitapendekeka.

Ndiye tiyeni tinene chimene chikuphedwa, chifukwa nkhaniyi imakambidwa ngati ya mahotela ndi alendo basi. Pamathiriro a mtsinje ndi pomwe madzi opanda mchere amakumana ndi amchere. Nyanja imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, kulowetsa madzi ake mumtsinje n'kuwabwezanso, ndipo pakati pa kukwera ndi kutsikako pamatsala matope, mchenga ndi timadziwe tosazama totentherako. Nsomba zambiri za m'mphepete mwa nyanja ya KwaZulu-Natal, monga spotted grunter, mullet ndi stumpnose, zimaswera m'nyanja, koma tiana take timathawira m'malo amenewa, kumene chakudya n'chambiri ndipo nsomba zikuluzikulu zolusa sizifikako mosavuta. Timakulira mmenemo kenaka n'kubwerera kunyanja. Msodzi wa ku Mangochi safunika kumufotokozera zimenezi. Amadziwa kuti wokokolola kasawala m'madzi osazama chaka chino wadziphera yekha chambo cha chaka chamawa. Mzinda wa Durban ukuchita chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa khoka ukugwiritsa ntchito zonyansa za m'zimbudzi.

Mmene suweji imaphera si zamatsenga. Zonyansa zikalowa m'madzi, mabakiteriya amaziwoletsa, ndipo powoletsapo amatha okosijeni yense. Nsomba zimayamba kuyandama pamwamba, kukamwa kuli yasa, kufunafuna mpweya, pofika m'mawa mimba zili m'mwamba. N'zimene anthu anaona mu Ogasiti 2022 pamathiriro a uMngeni komanso ku Isipingo, kumwera kwa mzinda. Zonyansa zomwezo ndi manyowa a namasupuni, amene amaphimba mtsinje mpaka dzuwa osafika pansi, ndipo naye akafa n'kuwola amathanso mpweya wotsalawo.

Pitani kutsidya lakumpoto kwa Blue Lagoon mukaone chimene chatsala. Kuli nkhalango ya mitengo ya mangrove ya Beachwood, mahekitala 76 otetezedwa kuyambira mu 1977. Madzi akatsika, matope onse amaoneka ngati akuyenda. Ndi tinkhanu tamphongo tokhala ndi chala chimodzi chachikulu kuposa chinzake, tikuchikupiza m'mwamba pakhomo pa una wake. Pambali pake tinsomba ta maso otuluka, totchedwa mudskipper, timadumphadumpha pamatope, kunja kwa madzi. Mizu ya mitengo ina imatuluka m'matope ili chilili, masauzande ake, chifukwa ndi mmene mtengowo umapumira m'nthaka yopanda mpweya. Tsopano yang'anitsitsani pakati pa mizuyo. Mupeza mabotolo apulasitiki, matewera a ana, zidutswa za nsapato, majumbo atakulunga mizu yopumira ija. Zonsezi zili mkati mwa mzinda waukulu, pansi pa mlatho umene magalimoto amadutsa usana ndi usiku, ndipo zamoyozi zapirira zaka zonsezi. Chimene sizingapirire ndi chimbudzi cha mzinda wonse.

Tsopano ndifike kwa anthu amene amandiputa kwambiri, aja amati awa ndi matope chabe, mzinda umafuna ntchito, doko, mafakitale, osati nkhanu. Amayankhula modzikuza ngati kuti iwo okha ndiwo amadziwa kuti anthu amadya. Chabwino, tiwerenge zimene nzeru yawoyo inachita kale. Malo amene pali doko la Durban analinso mathiriro aakulu a mitsinje ya uMbilo, uMhlatuzana ndi aManzimnyama. Panali mahekitala pafupifupi 440 a mangrove. Lero patsala pafupifupi 15, kachidutswa ka ku Bayhead kozunguliridwa ndi makontena. Mitsinje itatuyo inasandutsidwa ngalande zasimenti. Ndiye doko linapatsidwa kale pafupifupi zonse zimene linafuna. Likufunanso chiyani? Kodi ndi nkhanu imene imachedwetsa sitima padoko? Ndi mtengo wa mangrove umene umapangitsa kuti mathiraki, kuphatikizapo onyamula katundu wobwera kuno ku Malawi, afole mtunda wautali pamsewu wa Bayhead? Zochedwetsa katundu aliyense akuzidziwa: makina okalamba, njanji yakufa, kayendetsedwe kosokonekera. Ndi matenda omwewo amene anapha mapampu a suweji.

Ndipo ntchito zimene amazitchula kawirikawirizo, akutanthauza za ndani? Mayi wogulitsa mikanda ndi zipewa m'mphepete mwa gombe alibe ntchito? Woperekera zakudya mulesitilanti, wochapa nsalu zamuhotela, mlonda wa magalimoto, mnyamata wojambula alendo zithunzi, ambiri mwa iwo abale athu amene anapita ku Joni kukasaka, amenewa si antchito? Gombe likatsekedwa mu Disembala, iwowa ndiwo amagona ndi njala ndipo kumudzi sikupita kanthu. Msodzi wa mbedza wa pa Blue Lagoon, amene makolo ake ankawedza pomwepo, amapita ndi nsomba kunyumba osadziwa ngati akudyetsa ana ake ndiwo kapena matenda. Opalasa mabwato a mpikisano wa Dusi, umene unayamba mu 1951 ndipo umachokera ku Pietermaritzburg n'kuthera pamathiriro omwewa, amadziwa bwino matenda a m'mimba amene madziwa amapereka. Munthu amene amati kusamala mtsinje n'kudana ndi chitukuko sanawerengepo anthu amene amadyera mtsinjewo. Mfundo yakeyo ndi yaulesi, ndipo amaibwereza chifukwa imamupulumutsa ku funso losavuta: pampu yawonongeka liti, ndipo bwanji sinakonzedwe?

Palinso chizolowezi china chonyansa, choloza chala amphawi. Akuti mtsinje ukuipa chifukwa cha anthu a m'mikhukhu amene anamanga m'mphepete mwake. Zoona, m'malo ngati Quarry Road, m'mbali mwa mtsinje wa Palmiet umene umathira mu uMngeni, zinyalala zimalowa m'madzi. Koma munthu amene sanapatsidwe chimbudzi chogwira ntchito ndiponso galimoto yotola zinyalala sifika kwawo, mukufuna azitaya kuti? Ndipo chidebe cha banja limodzi mungachiyerekeze bwanji ndi malo oyeretsera suweji amene amalandira zonyansa za madera athunthu, olemera ndi osauka omwe, n'kuzitulutsa mumtsinje zisanayere? Mzindawu uli ndi malo oterewa 27. Amene amayendetsa malowa si anthu a m'mikhukhu. Ndi anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi, kuchokera ku ndalama zimene eni nyumba amalipira pa bilu ya madzi ndi suweji.

Olemera akaipitsa, chala chija chimapindika msanga. Mu Julaye 2021, pa zipolowe zimene zinabuka mumzindawu, nyumba yosungiramo mankhwala aulimi ku Cornubia inatenthedwa, poizoni anatsikira mumtsinje wa oHlanga mpaka pamathiriro a uMhlanga. Nsomba zakufa zinatoledwa matani, magombe akumpoto anatsekedwa miyezi. Kafukufuku wa boma anapeza kuti nyumbayo inalibe zilolezo zina zofunika za zachilengedwe. Mankhwala oopsa chonchi anaunjikidwa bwanji kumtunda kwa mtsinje, pafupi ndi nyumba za anthu, popanda oyang'anira kudziwa zimene zili mkatimo? Apanso sinali mvula.

Amatchulanso akuba mawaya ndi kuzimazima kwa magetsi. Zimenezi zilipodi. Koma pampu ya suweji yopanda jenereta m'dziko limene magetsi anayamba kuzimazima mu 2007, ndiponso yopanda mlonda mumzinda umene aliyense akudziwa kuti kopa amabedwa, imeneyo si ngozi. Ndi chisankho cha munthu amene anaona kuti ndalama zipite kwina, poti paipi yapansi panthaka siioneka pa chithunzi cha kampeni.

Mtsinjewu unalandidwa kale zambiri. Damu la Inanda, lomalizidwa mu 1989, limagwira madzi ndi mchenga umene unkatsuka mathiriro ndi kudyetsa magombe. Okumba mchenga amatenganso wotsalawo. Chigwa cha Springfield, kumene madzi ankafalikira mtsinje ukadzaza, chinaumitsidwa n'kumangapo mafakitale ndi masitolo, mtsinje n'kupanikizidwa mu ngalande. Zimenezi sizingabwezedwe lero, ndipo sindikupempha kuti damu ligumulidwe, anthu akumwa madzi ake. Koma mtsinje wochepetsedwa mphamvu chonchi sungathenso kudzitsuka wokha, ndiye chifukwa chake suweji imene ikanasungunuka kale lero imakhazikika pamathiriro n'kumanunkha. Pa mabala onse a uMngeni, la suweji ndi lokhalo limene mankhwala ake akudziwika, mtengo wake ukudziwika, mwini ntchito yake akudziwika.

Muyezo umene mzindawu umagwiritsa ntchito ndi woti madzi akaposa tizilombo ta E. coli 500 pa mamililita 100 si oyenera kusambamo. Kumunsi kwa uMngeni oyeza oima paokha akhala akupeza masauzande ambirimbiri. Zipani zotsutsa zinafika pokasuma kukhoti kuti mzinda uchite ntchito imene malamulo anaupatsa kale. Ine ndikufuna zinthu zosavuta. Zotsatira za madzi a pamathiriro zizimatidwa pa Blue Lagoon pomwepo sabata iliyonse, m'Chizulu ndi m'Chingerezi, pamene msodzi angaziwerenge asanaponye mbedza. Malo aliwonse oyeretsera suweji alengeze poyera kuti akutulutsa madzi otani, ndipo wamkulu wake asaine dzina lake pansi. Pampu ikakhala yakufa mwezi wathunthu, wina achoke pampando. Ndipo mkulu aliyense amene adzatchulenso mvula ya 2022, atolankhani amufunse za nsomba za mu 2007, ndipo asamusiye mpaka atayankha.