Funsani chaka chomwe galimoto inapangidwa

Pano pa Dwambazi, galimoto zambiri zonyamula anthu pa msewu wa M5 kupita ku Dwangwa kapena ku Chintheche ndi ma Sienta ndi ma Probox ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Eni ake ndi asodzi, alimi a mzimbe ndi aphunzitsi omwe avutikira ndalama yogulira galimotozo zaka zambiri. Koma wogulitsa akangoti "iyi ndi 2012, bwana", mtengo umakhazikika pomwepo, popanda wofunsa ngati 2012 yo ndi chaka chopangira galimoto kapena chaka chomwe inalembetsedwa koyamba. Ine ndikuti funso limeneli ndi ufulu wa wogula aliyense.

Zaka ziwirizi sizifanana nthawi zonse, chifukwa galimoto imatha kutuluka mu fakitale n'kukhala miyezi yambiri yosagulidwa. Mu 1969 kampani ya Ford ku America inatsala ndi galimoto mazana angapo za mtundu wa Shelby Mustang. Inazisintha manambala a chesisi, apolisi a FBI akuyang'anira, n'kuzipaka mizere yakuda pa boneti, kenako n'kuzigulitsa ngati za 1970. Lero galimotozo zili m'manja mwa anthu olemera omwe amadziwa bwino mbiri yake. Mnzathu wogula Sienta yodyetsera ana ake alibe womuuza mbiri yotero.

Kwathu kuno chaka ndi ndalama. Galimoto ikatsika pa doko la Dar es Salaam n'kufika pa Songwe, msonkho wa MRA umatengera zaka zake ndi kukula kwa injini. Mtengo wa pa msika nawonso umatsata chaka. Kuonjezera apo, matayala, mapaipi a madzi ndi malamba a injini amakalamba ngakhale galimoto ili chiimire, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno sikuchedwa kuwang'amba.

Kufufuza sikovuta. Pansi pa lamba womanga pampando pamakhala kansalu komwe kawirikawiri kamasonyeza chaka chomwe lambayo anapangidwa. Pa tayala pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Chikalata chotulutsira galimoto ku Japan chimasonyeza nthawi yomwe inalembetsedwa koyamba, ndipo mukaona chaka cholembedwa m'kalendala ya ku Japan ya Heisei, onjezerani 1988. Heisei 22 ndi 2010. Nambala ya chesisi ifanane ndi yomwe ili m'mapepala. Tengani makanika amene mumamukhulupirira, osati wobwera ndi wogulitsa.

Sindikunena kuti ogulitsa onse ndi akamberembere. Ambiri amangobwereza zomwe anawerenga pa intaneti poitanitsa galimotoyo. Komabe amene akulandira mamiliyoni ndiye ayenera kudziwa katundu wake. Ndikupempha nthambi ya boma yoona zapamsewu ilamule kuti wogulitsa aliyense azilemba zaka zonse ziwiri pa galasi la galimoto komanso pa chikalata chogulitsira, kuti wogula wa ku Dwambazi azilipira akudziwa msinkhu weniweni wa galimoto yake.