Mfuti ya boma izisiya mapazi

Mu 2014 kampani ina ya ku California, dzina lake Yardarm Technologies, idapanga kachipangizo kakang'ono kolowetsa m'chogwirira cha mfuti ya m'chiuno ya wapolisi. Ntchito yake ndi kuchitira umboni. Wapolisi akasolola mfuti m'chimake, kachipangizoko kamauza foni yomwe ili m'thumba mwake, foniyo nkutumiza uthenga ku ofesi kuti mfuti yakuti yasololedwa nthawi yakuti, pamalo akuti. Mfutiyo ikalira, nazonso zimalembedwa, pamodzi ndi mbali yomwe idaloza. Apolisi a ku Santa Cruz, ku California komweko, ndi a ku Carrollton ku Texas ndiwo adayamba kukayesa.

Kampani ina, Axon, yomwe imapanga mfuti zamagetsi za Taser, idatenga njira yakeyake. Taser imasunga yokha tsiku, nthawi ndi kutalika kwa nthawi yomwe yamenya munthu ndi magetsi. Mitundu ina ikawombedwa imamwaza timapepala ting'onoting'ono tokhala ndi nambala, moti wofufuza akatola kamodzi amatha kulondola mpaka kwa yemwe adagula katiriji yake. Mu 2017 kampaniyo idatulutsanso kachipangizo komata pachimake cha mfuti ya zipolopolo, kuti wapolisi akangoisolola, kamera yomwe wavala pachifuwa iziyamba yokha kujambula. Pamenepo bodza loti "ndidaiwala kuyatsa kamera" limatha mphamvu.

Wina afunsa kuti mphunzitsi wa kumudzi, yemwe foni amakatchajitsa pagolosale, zimenezi zikumukhudza pati. Zikundikhudza chifukwa cha funso limodzi lomwe kwathu kuno limavuta kuyankha mfuti ya boma ikapha munthu: adawomba ndani?

Pa 20 July 2011 ndi tsiku lotsatira, anthu 20 adafa pa zionetsero m'dziko muno. Ena mwa iwo agona ku manda a Zolozolo ku Mzuzu. Bungwe lomwe lidafufuza nkhaniyi lidapereka lipoti lake mu 2012, ndipo lidapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso. Koma mawu oti "apolisi" ndi chigulu. Chigulu sichiima m'bokosi kukhoti. Mayi yemwe mwana wake adafa safuna kumva za chigulu, amafuna kudziwa chala chomwe chidakoka. Ndipo kuti khoti ligamule, pamafunika umboni wolumikiza chipolopolo ndi mfuti, mfutiyo ndi munthu, munthuyo ndi malo ndi nthawi. Unyolo umenewu ukaduka pamodzi pokha, mlandu umagwa. Akuluakulu amati mlandu suola, koma umboni umaola: mboni zimamwalira, zina zimaopa, mabuku amadyedwa ndi chiswe.

Ife aphunzitsi tikudziwa kuti boma likafuna kulondola chinthu, limatha. Nthawi ya mayeso a MSCE mapepala amabwera m'maenvulopu omata, amagona molonderedwa, amatulutsidwa ndi siginecha, ndipo amatsegulidwa ana akuona. Akatha kulemba timawerenga mapepala onse, nambala igwirizane ndi ya ana omwe adakhala pansi. Pepala limodzi likasowa palibe amene amagona tulo. Tsono ngati pepala la Biology timalisamala chotere, chipolopolo chomwe chingachotse moyo wa mwana yemweyo chiyenera kusamalidwa koposa. Zimenezi si nzeru zanga. Mfundo za United Nations za 1990 zokhudza kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ndi mfuti zimanena kuti wapolisi aziyankhapo pa mfuti ndi zipolopolo zomwe wapatsidwa, komanso kuti pakhale njira yoperekera lipoti nthawi iliyonse akawomba ali pantchito.

Vuto la buku lolemba pamanja tonse tikulidziwa. Wolemba ndi mnzake wa wolembedwayo. Amadyera limodzi, ana awo amaphunzira sukulu imodzi. Tsamba likhoza kuthothoka, 30 akhoza kusanduka 20. Kachipangizo kalibe mnzake ndipo sikaopa bwana.

Ku South Africa, komwe abale athu ambiri akukhala, adaona zomwe zimachitika kaundula wa mfuti akakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Mkulu wina wa apolisi, Colonel Christiaan Prinsloo, ankayang'anira mfuti zomwe zidayenera kuphwanyidwa. M'malo moziphwanya adagulitsa zoposa 2 000, ndipo zambiri zidakathera m'manja mwa magulu a zigawenga ku Cape Flats, mumzinda wa Cape Town, komwe zidapha anthu ochuluka kuphatikizapo ana. Mu 2016 khoti lidamulamula kukakhala kundende zaka 18. Pamapepala mfutizo zidali zitatha kale. M'misewu zinkalirabe.

Musaganize kuti ndikulemba izi podana ndi apolisi. Ena mwa ana omwe ndidawaphunzitsa avala yunifomu imeneyi, ndipo ndimawanyadira. Wapolisi wachilungamo ndiye angapindule kwambiri. Tiyerekeze kuti pachisokonezo padali apolisi 10, awiri ndiwo adawomba. Lero mudzi wonse umaloza chala onse 10, ndipo 8 aja alibe chowayeretsa. Mfuti zikadakhala ndi kaundula wake, aliyense akadasenza katundu wake. Ganiziraninso wapolisi yemwe wakumana ndi mbava usiku ali yekha. Alibe mpata woimba foni, koma kusolola mfuti kokha kukhoza kudziwitsa anzake kuti zavuta ndiponso komwe ali. Kampani ya Yardarm pogulitsa katundu wake inkatsindika kwambiri mfundo imeneyi.

Kwa asilikali nkhani ndi ina, ndipo apa ndikuona kuti omwe amakayikira ali ndi mfundo. Mu 2021 atolankhani a Associated Press adapeza kuti mfuti zosachepera 1 900 za asilikali a America zidasowa kapena kubedwa m'zaka za 2010 mpaka 2019, ndipo zina zidapezeka pa milandu ya m'misewu. Magulu ena a asilikaliwo adali atayamba kuika mumfuti timabatani ta RFID, tomwe makina amatiwerenga popanda kukhudza, kuti kuwerenga zida m'nyumba zosungiramo kuzitenga nthawi yochepa. Koma atolankhani omwewo atayesa ndi akatswiri adaonetsa kuti timabataniti tikhoza kuwerengedwa munthu ali patali kuposa momwe ogulitsa ankanenera. Kunkhondo zimenezi zikutanthauza kuti mdani akhoza kudziwa pomwe msilikali wabisala. Mu 2018 zidadziwikanso kuti mapu a Strava, pulogalamu yomwe anthu amalembera maulendo awo othamanga, ankaonetsa malo a misasa ya asilikali chifukwa asilikaliwo ankathamanga atavala mawotchi a GPS. Msilikali wathu yemwe ali pantchito yosungitsa mtendere kunja sindingafune kuti mfuti yake iziulutsa komwe ali. Koma msilikali yemweyo akatumidwa m'misewu ya Lilongwe kukathandiza apolisi, akuyang'anizana ndi nzika, osati mdani, ndipo lamulo la wapolisi limugwire naye.

Za ndalama ndi netiweki sinditaya nthawi. Inde, kuno netiweki timaipeza pachulu, ndipo polisi zambiri zikusowa ngakhale mafuta a galimoto. Zipangizo ndatchulazi zidapangidwira mfuti za m'chiuno, pomwe apolisi athu timawaona kwambiri ndi mfuti zazitali. Koma kachipangizo sikasowa kutumiza uthenga pompopompo. Kakhoza kungosunga, nkudzawerengedwa mfuti ikabwerera kosungira, monga imachitira Taser.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: uthengawo azisunga ndani? Ngati kompyuta yolandira ili mu ofesi ya bwana wa yemwe wawombayo, ndiye kuti tasungitsa mbuzi kwa fisi. Tsiku lomwe umboni ukufunika tidzamva kuti batire idatha, kapena kuti makina adagwidwa ndi mphenzi. Ku America komweko nkhani za makamera a apolisi omwe "sadajambule" pa nthawi yofunika si zachilendo. Chipangizo chimagwira ntchito pokhapokha pali wina wakunja yemwe ali ndi mphamvu zotsegula kaundulayo, komanso pali chilango kwa wapolisi yemwe mfuti yake yapezeka itachotsedwa kachipangizo.

Wakunja ameneyo tili naye kale papepala. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lofufuza madandaulo okhudza apolisi, makamaka imfa ndi kuvulala. Padatenga pafupifupi zaka 10 kuti liyambe kugwira ntchito, zomwe pazokha zikuonetsa changu chathu pa nkhani zotere. Bungwe ngati limeneli likamafika pamalo patatha sabata, nkumadalira buku lomwe ofufuzidwawo adalemba okha, manja ake ndi omangika.

Choncho ndikupempha aphungu athu, makamaka a komiti yoona za chitetezo, kuti asadikire tsiku lomwe tidzakwanitse kugula zipangizo za ku California. Pali zoyambira zotsika mtengo. Mfuti iliyonse ya boma ikhale ndi nambala yake mu kompyuta, monga momwe mgwirizano wa maiko a SADC wa 2001 wokhudza mfuti umalimbikitsira kuika zizindikiro ndi kusunga kaundula. Wapolisi aliyense wopita ku zionetsero alembedwe dzina, nambala ya mfuti ndi kuchuluka kwa zipolopolo, ndipo uthenga umenewu ufike ku Independent Complaints Commission gulu lisadanyamuke, osati litabwerako. Foni wamba ikhoza kutumiza zimenezi. Pobwerera awerengenso, ndipo chipolopolo chilichonse chosowa chikhale ndi lipoti lake tsiku lomwelo. Ndiye boma likamadzagula mfuti zatsopano, m'pangano la kugulako mudzalembedwe kuti zibwere ndi kachipangizo kowerenga kuwomba, kuyambira ndi za gulu lomwe limatumizidwa kukabalalitsa anthu.